Ndinamutuma Kukawothera Dzuwa

Lolemba, 8 Junho 1987

Andigoneka lero m'mawa, wodi ya amayi, bedi 7, pafupi ndi zenera losweka limene anatseka ndi katoni. Kabukuka ndatenga ku ofesi. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikutayipa mawu a anthu ena m'Chipwitikizi. Muno ndilemba anga, m'Chinyanja chimene ndinaphunzira kulemba ku misheni ndili mwana.

Ndine Palmira, zaka 38, wa ku Chiuaula konkuno ku Lichinga. Amuna anga anaphedwa mu 1984, sitima ya ku Cuamba itaotchedwa. Mwana ndili naye mmodzi, Julieta, wa zaka 14. Ali ku Meponda, kunyanja, kwa azakhali ake, a Francisca.

Chilonda chili kumanzere, pamene khosi limakumana ndi phewa. Namwino wathu, mana Graça (kuno mana ndi achemwali), wachiyeza ndi rula ya kusukulu: masentimita 4 m'litali, 3 m'lifupi. M'mbali ndi molimba, pakati pamatuluka magazi ndikangokhudza. Chinayamba mu Novembro ngati kanjerewere. Ndachibisa ndi mpango miyezi isanu ndi iwiri. Sabata yatha mnzanga wa pa desiki anadzuka nkutsegula zenera, m'chisanu chonsechi. Ndipamene ndinadziwa kuti fungo lafika kwa anthu.

Lachiwiri, 9 Junho

Amatidzutsa 5 koloko. Phala lopanda shuga. Masana nyemba, madzulo nyemba. Bulangete limodzi. Magetsi amabwera maola atatu okha.

Pa bedi 8 pali Abiti Mwinyi, mayi wachisilamu wa ku Meponda. Anaponda bomba lokwirira akupita kukazula chinangwa, mwendo anawadula pansi pa bondo. Pakamwa sipanadulidwe. Anandiyang'ana manja ndi khosi, mmene muli mawanga anga oyera, nkufunsa mosabisa: "Achemwali, limeneli ndi khate?"

Ndinati ayi, madokotala amati vitiligo, khungu limangotaya mtundu, sapatsirana.

"Ndiye sendezani kuno kapu yanu," anatero, nandithirira tiyi wa mandimu.

Ndinawafunsa ngati amawadziwa a Francisca, aphunzitsi. Anati Meponda yonse ndi mbale imodzi. "Ndi aja akusunga kamtsikana kamawanga kamakhala pamwala masana onse?" Ndinati eya, ndi wanga ameneyo.

Lachinayi, 11 Junho

Wabwera dokotala. Ndi mzimayi wa ku Cuba, tonse timangoti Doutora. Anabaya jekeseni pambali pa chilonda, nadulako kanyama konga njere ya mpunga, naika m'kabotolo. Kapita ku Maputo ndege ikabwera. Anapapasa khosi langa nthawi yaitali. Pansi pa khutu pali mwanabere mmodzi, wolimba, wosapweteka.

Kenaka anakhala pabedi langa nafunsa za mawanga: anayamba liti, ndamwapo chiyani. Ndilembe monga ndinamuuzira.

Anayamba mu 1969, m'manja ndi kumaso. Mu 1970 ndili ku Beira kuphunzira kutayipa, dokotala wina Mpwitikizi anandipatsa mapiritsi otchedwa psoraleno. Ndinkamwa awiri, pakatha maola awiri nkukaima kutsogolo kwa nyale yaikulu ya kuwala kobiriwira, nditavula mpaka m'chiuno, maso atandimanga. Katatu pa sabata, zaka ziwiri. Nkhope inabwerera yonse. Ndinalira pagalasi. Pobwerera kuno anandiuza kuti kopanda nyale, dzuwa limagwira ntchito yomweyo. Ndiye kuyambira 1972 ndimamwa mapiritsi 10 koloko, 12 koloko nkukhala kuseri kwa nyumba, mapewa pamtunda. Atasowa m'mafamasi, achimwene anga a ku Joni ankanditumizira.

"Ndani ankakuyezerani nthawi?" anafunsa Doutora.

Ndinati palibe. Poyamba mphindi khumi. Khosi litakana kuda, ndinkakhala ola lathunthu.

"Zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kuphatikiza za nyale."

Anatseka peni yake, nayang'ana pansi.

Lachisanu, 12 Junho

Doutora wabweranso, ndi mana Graça kuti andimasulire pamene Chipwitikizi chake chikuthera.

Akuti yankho la ku Maputo lidzatsimikiza, koma maso ake aona kale. Mawu ake ndi cancro. Khansa ya pakhungu. Ndalemba kuti dzanja lizolowere.

Akuti mankhwala aja si oipa, athandiza anthu ambiri, koma ali ndi malire. Piritsi limatsegula khungu kuti kuwala kulowe mkati. Kuwalako kumadzutsa mtundu, komanso kumatentha mbewu za khungu pang'onopang'ono, ndipo khungu siliiwala. Lililonse la masiku aja linkaunjikana pa linzake. Amayenera kupereka kwa miyezi yowerengeka, dokotala akuwerenga mphindi ndi kuyang'ana khungu chaka ndi chaka. Pa khungu loyera, lopanda chodzitchinjiriza nacho, ndiye moto pa udzu wouma. Sangalumbire kuti ndi chokhacho chinabweretsa, koma chilonda chatuluka pamalo penipeni pamene ndinkaloza kudzuwa.

Pomaliza anafunsa: "Alipo wina m'banja mwanu ali ndi mawanga?"

Ndinati palibe.

Abiti Mwinyi anatembenuka nandiyang'ana.

Loweruka, 13 Junho

Ndinanama dzulo. Ndilembe zoona.

Julieta anayamba mawanga chaka chatha, kuzungulira maso ndi pakamwa. Anzake kusukulu ankamutcha wakhate, mtsikana wina anakana kumwera kapu imene anamwera iye. Anasiya kudya. Mu Janeiro ndinamupatsa botolo langa latsopano, mapiritsi 120. Lichinga ndi wa nkhungu ndi mitambo, dzuwa lake ndi laulesi. Ndiye ndinamukweza pa koluna, magalimoto aja amayenda mondondozana asilikali ali patsogolo, ndi kumutsitsira ku Meponda kumene dzuwa limaswa mwala. Ndinauza anthu kuti ndi chifukwa cha njala, kumeneko kuli nsomba. Sichinali chifukwa cha nsomba.

Ndinamuuza kuti: piritsi limodzi 10 koloko, 12 koloko padzuwa, usaphonye tsiku, ngakhale litentha upirire.

Ndi mwana womvera.

Pamene ndikulemba pano ndi 12 koloko. Ali pamwala.

Lamulungu, 14 Junho

Ndaulula kwa mana Graça. Anangogwira pakamwa, kenaka anati, "Mana Palmira, tipeze njira." Foni ya ku Meponda inafa kalekale, mawaya anadulidwa. Wailesi ya asilikali satumizira nkhani za ana. Koluna sinatsike milungu iwiri. Makilomita 60 okha, koma ngati kutsidya kwa dziko.

Masana abwera amuna a Abiti Mwinyi, Che Atumani. Ndi bambo wamtali, wosalankhulalankhula, amagulitsa usipa wouma pamsika. Anabweretsa chinangwa chophika m'kansalu. Akazi awo anawauza zonse m'Chiyao, mofulumira, akundiloza ndi supuni. Kenaka anati kwa ine: "Lembani kalata. Awa atsika Lachinayi, kaya pa koluna kaya pa miyendo."

Ndalemba kuti: Mwana wanga, siya mapiritsi aja lero lomwe, usakhalenso padzuwa, adokotala akuti si abwino. Ine ndili m'chipatala ndi kachilonda kakang'ono, usade nkhawa.

Mawu akuti khansa sindinawalembe. Bambo ake anafa ali ndi zaka 11. Sindinathe.

Lachinayi, 18 Junho

Che Atumani anyamuka. Opareshoni yanga mawa. Osadya kuyambira madzulo.

Lamulungu, 21 Junho

Anadula Lachisanu. Anasenda khungu pantchafu nkumata pakhosi. Ntchafu ikupweteka kuposa khosi. Aspirini awiri, katatu pa tsiku. China palibe.

Lolemba, 22 Junho

Thupi 39,2. Penisilini, jekeseni m'mawa ndi madzulo. Ndasanza.

Lachiwiri, 23 Junho

38,8. Dzuwa lawala lero. Ndapempha anditembenuzire kukhoma.

Lachinayi, 25 Junho

Tsiku la ufulu. M'nyemba munali tizidutswa ta nyama, ine tiwiri, Abiti Mwinyi sanadye poti sakudziwa anazinga ndani. Malipenga akumveka kuchokera kubwalo. Tsiku longa lero mu 1975 ndinavina Julieta ali kumbuyo, nkhope yanga yakuda bwino yonse, ndipo ndinkaona ngati zonse zoipa zatha pamodzi.

37,9. Ndakhala tsonga koyamba.

Loweruka, 27 Junho

Koluna ya ku Meponda aiwombera dzulo pa phiri. Ovulala anawabweretsa pa thirakitala cha m'ma 3 koloko masana. Anagoneka ena pansi m'khonde. Tinamva kuti koluna imeneyi inachedwa sabata yathunthu isananyamuke, ndiye palibe akudziwa ngati Che Atumani anaidikira kapena anapita wapansi.

Abiti Mwinyi sangayende. Anandigwira mkono: "Pitani mukandionere." Ndinayenda chogwira khoma, ndikuyang'ana nkhope imodzi imodzi. Anthu khumi ndi anayi. Mwana woyamwa analipo. Che Atumani panalibe. Mana Graça anapita kukaona ku nyumba ya maliro, kumene kuli asanu ndi mmodzi. Kulibenso.

Nditabwerera ndinati, "Achemwali, mundikhululukire, ndine ndinawatuma." Anayankha ali chogona: "Inu musadzikweze. Amuna anga amayenda njira imeneyo chifukwa cha usipa, osati chifukwa cha inu." Koma tsiku lonse mikanda yawo ya pemphero sinachoke m'manja.

Ine ndinkaganiza za kalata. Munthu ali pakati pa imfa ndi moyo, ine ndikuganiza za kalata yanga ili m'thumba mwake. Mulungu andione.

Lachinayi, 2 Julho

Yankho la ku Maputo lafika. Ndi chomwecho. Doutora wandilembera dzina lake papepala: carcinoma espinocelular.

Khungu lomata lagwira theka, theka lafa, lada ndipo likununkha. Mwanabere wakula, ndipo pali wachiwiri pamwamba pa fupa la phewa. Akuti amenewa sangawachotse kuno, pakufunika dokotala wa makosi ndi magazi osungira. Alembera a junta, madokotala amene amasankha wokwera ndege yopita ku Maputo. Ndinafunsa ngati ndikachira. Anati, "Mukapita msanga, mwayi ulipo." Ndinafunsa msanga ndi liti. Anati ndege ilibe tsiku.

Lamulungu, 5 Julho

Che Atumani abwera! Anapita wapansi, njira za m'mapiri, masiku awiri kutsika, atatu kukwera. Mapazi ang'ambika. Akazi awo anawakalipira kaye chifukwa cha malaya akuda, kenaka anafunda nsalu kumutu nalira.

Andipatsa kalata ya Julieta, papepala la m'kope la masamu. Ndikopera yonse.

"Amayi, ndalandira. Koma musandiuze kuti ndisiye. Pa chikope chakumanja patuluka timadontho takuda tisanu ndi tiwiri, ndimawerenga tsiku ndi tsiku. Pakamwa payambanso. Inu mwamwa zaka zonsezi ndipo nkhope yanu ili bwino. Adokotala amenewo sanandione. Ndikangomaliza botololi ndisiya. Ndikufuna ndidzabwere kusukulu Janeiro ndili ngati anthu. Chirani msanga kachilonda kanuko. Ndine mwana wanu Julieta."

A Francisca analemba pansi pake kuti afufuza nyumba yonse, botolo sakulipeza, mwanayo walibisa kunja. Akamuletsa pamwala, amakakhala kuseri kwa matandala oyanikira nsomba.

Ndinafunsa Che Atumani kuti akuoneka bwanji. Anazengereza. "Mwana ngwokondwa, mayi. Koma m'manja ndi pamphumi muli matuza, ngati wapsa ndi madzi otentha. Akuti ndi chizindikiro choti mankhwala akugwira."

Ndine ndinamuphunzitsa mawu amenewo.

Lolemba, 6 Julho

Sindinadye.

Lachiwiri, 7 Julho

Ndaganiza zonse. Kumuitanitsa kuno: njira imapha tsiku limodzi, dzuwa limapha zaka khumi. Kutsika ndekha: sindingafike ngakhale pachipata. Kulembanso: wawerenga kale kalata yanga imodzi ya bodza, yachiwiri adzati ndikumuopseza.

Abiti Mwinyi anati, "Vuto lanu, achemwali, mumakonda mpango. Mwabisira a ku ofesi, mwabisira dokotala, mwabisira mwana. Nanga akhulupirire chiyani, poti sanaone?"

Zinandipweteka.

Lachitatu, 8 Julho

Nthawi yotsuka chilonda ndinapempha mana Graça kuti aitane Che Atumani. Anakana kulowa kuseri kwa nsalu, anati si mwambo kuona thupi la mkazi wa mwini. Akazi awo anakuwa ali pabedi: "Lowani, bambo inu! Lero ndinu maso a mwana."

Analowa atagwira chisoti m'manja. Mana Graça anamatula bandeji. Ndinawaonetsa dzenje, khungu lakufa, ntchafu yosendedwa, ndipo ndinatenga chala chawo nkuchiika pa mwanabere.

"Kamuuzeni zimene mwaona, musachepetse. Mumuuze kuti dzina lake ndi khansa, kuti yachokera m'botolo lija ndi dzuwa, ndipo mwina sindichira. Mumuuze kuti amayi ake ananama."

Anangoti, "Inshallah, ndikanena." Anatuluka nakaima panja nthawi yaitali.

Ndauzanso Doutora zoona. Sanandikalipire. Anafunsa miyezi ingati, mapiritsi angati. Ndikanakonda akanandikalipira.

Lachisanu, 10 Julho

Che Atumani atsika. Junta yandivomera. Ndine wachinayi pa mndandanda.

Lolemba, 13 Julho

Kulemera makilo 47. Polowa ndinali 54. Kumeza kwayamba kuvuta.

Lachitatu, 15 Julho

Ndege inabwera, inatenga asilikali ovulala. Ife ayi. Ndinakondwa, kenaka ndinachita mantha kuti ndakondwa.

Loweruka, 18 Julho

Palibe nkhani.

Lachiwiri, 21 Julho

Akuti ndege Lachinayi, ndipo dzina langa lilipo ndithu. Ndikakana, malo apita kwa wina ndipo ndibwerera kumapeto kwa mndandanda. Ndasaina. Ndipita osadziwa.

Lachitatu, 22 Julho

Wabwera.

Cha m'ma 11 koloko ndinamva Abiti Mwinyi akuti, "Achemwali, dzukani, muli ndi mlendo." Julieta anaima kumapazi kwa bedi, fumbi mpaka m'mawondo, Che Atumani ali kumbuyo kwake akupepesa ndi manja. Akuti atamuuza sanalire, anangolowa m'nyumba namanga kampukutu. Anamukaniza, a Francisca anamukaniza, iye anati akapanda kumutenga awatsata yekha. Ayenda masiku atatu, kugona m'tchire kawiri.

Watalika. Pamphumi ndi pa manja khungu lasupuka, lofiira ngati nyama. Timadontho takuda tilipodi pachikope.

Sanandikumbatire. Anati, "Ndione."

Mana Graça anatsegula. Anayang'ana osaphethira. Kenaka anakhala pansi penipeni, pa simenti.

"Munati palibe mwamuna angakwatire mkazi wamawanga," anatero. "Munati palibe ofesi ingamulembe ntchito. Ndinu munanena, amayi."

"Ndinanena."

"Ndiye lero mukuti chiyani?"

"Ndikuti ndinalakwa. Ndinkaopa anthu kuposa china chilichonse, ndipo mantha angawo ndinakupatsira."

"Ndiye ndikhala chonchi mpaka kalekale?"

Ndinafuna kunena kuti mwina kudzabwera mankhwala ena, mwina nkhondo ikatha. Ndinadziletsa. Ndinati, "Mwina eya. Koma ukhala."

Analira pamenepo, mokweza. Atatha anamasula mfundo ya chitenje natulutsa botolo, napereka kwa mana Graça, osati kwa ine. Tinawerenga. Amayenera kukhala atatha kale mu Maio. Atsala 9, chifukwa achimwene anga anamutumizira botolo lina mwachindunji, ine osadziwa, ndipo kuyambira pamenepo amamwa awiriawiri kuti afulumire.

Doutora anamuyeza thupi lonse, ola lathunthu. Akuti ndi kupsa kokha, palibe chotupa, ndi wamng'ono ndipo miyezi ndi yochepa poyerekeza ndi zaka zanga. Koma sangalonjeze za kutsogolo. Chipewa, malaya a manja aatali, mthunzi kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko, ndipo chaka chilichonse aonetse khungu kwa dokotala. Kanjerewere kalikonse, kachilonda kalikonse kosapola mwezi umodzi, athamange. Ndamulembera zonsezi patsamba lomaliza ndi kuling'amba.

Akhala kwa mana Graça mpaka a Francisca apeze njira yokwerera kuno. Ku Meponda sabwereranso.

Lachinayi, 23 Julho, ku bwalo la ndege

Abiti Mwinyi anditsanzika ndi mawu awiri: "Mukadye kumeneko." Ndawasiyira bulangete langa la kunyumba.

Tili asanu ndi awiri, atatu pa machira. Atikhazika m'chipinda chodikirira kuyambira 8 koloko. Operekeza saloledwa kulowa, aima kuseri kwa waya. M'galimoto Julieta anafunsa kuti ndibwera liti. Ndinati sindikudziwa. Anafunsa ngati ndibwera. Ndinatinso sindikudziwa. Anagwedeza mutu, nandikonzera bandeji pamene inamatuka.

Tsopano ndi 12 koloko. Nkhungu yachoka, kumwamba kulibe kamtambo. Ndikumuona pazenera: wagwira waya ndi manja onse awiri, nkhope yaloza kuno, dzuwa lili pamutu pake penipeni. Pafupi naye pali mtengo wa paini, mapazi khumi okha.

Ndagogoda galasi. Ndamulozera mtengo. Wagwedeza mutu kukana, poti pamenepo sandiona bwino. Ndalozanso, ndi dzanja lonse, mpaka ulusi wa pakhosi wakoka.

Waima kaye. Wasiya waya.

Wapita pamthunzi. Sindikumuonanso bwino, koma ali pamthunzi.

Akuitana maina.